Kuthawa chisanu ndi ana aang'ono: Salima, Mangochi, Nkhata Bay, Dwangwa kapena Karonga?

Amene anatsikapo msewu wa Khwekhwelere m'mwezi wa Juni, kuchokera ku Dedza kulowera ku Golomoti, akudziwa pamene maganizo amenewa amayambira. Mumanyamuka m'mamawa ana atavala majuzi awiriawiri, zipewa zitakwirira makutu, wamng'ono m'chifuwa mukulira ngati kamwana ka mphaka. Pofika m'munsi, milambe itayamba kuoneka m'mbali mwa msewu, majuzi onse aunjikidwa pampando, ndipo mwana yemwe uja sanagone usiku wonse akulirira mafilizesi. Kwa ife zinali choncho. Mayi a kunyumba anangocheukira kumbuyo n'kunena kuti, "Bambo, kodi kumtunda kuja tikudikirako chiyani?"

Palibe zamatsenga apa. Tauni ya Dedza ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Mzuzu yapitirira 1,200, Lilongwe ndi Blantyre zangodutsa 1,000, pomwe madzi a nyanja yathu ali cha pa mamita 475. Mukatsika mamita 1,000, kutentha kumakwera ndi madigiri pafupifupi 6. Ndiye munthu wotopa ndi chiperoni, wotopa ndi matewera oyanika masiku atatu osauma, akafika kunyanja mu Julaye amaona ngati wafika kumwamba ali moyo. Kenaka maso amagwera pa zinazo: makoteji a mipanda yoyera, mahotela, zigalimoto zobwera Lachisanu madzulo. Mumtima mumati, kuno kukufunda, ndalama zilikonso, ana angakule bwino.

Ife tinazungulira zaka ziwiri tisanasamuke, kugona kwa abale ndi m'maresitihausi, kufunsa aliyense wofunsika. Chimene ndinatolapo n'chakuti matauni a kunyanja sasiyana kwenikweni pa kufunda. Onse ngotentha, ena mopyola muyeso. Amasiyana pa zinthu ziwiri zimene mlendo wa pa wikendi saziona: ndalama mukuzionazo n'zayani, ndipo mwana akadwalika 2 koloko usiku, chipatala chachikulu chili kutali bwanji. Odwala amene chipatala cha paboma chawalephera amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Zomba kapena ku Mzuzu. Mwa zinayi zimenezi palibe ndi chimodzi chomwe chili kunyanja.

Salima

Aliyense wokhala m'chigawo chapakati amayamba kuganiza za Salima, ndipo n'zomveka: makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Lilongwe pa msewu wa M14. Ola ndi theka pa galimoto yanu, maola awiri ndi kuposa pa minibasi yoima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Bambo kapena mayi amene ntchito idakali ku Capital Hill angathe kumabwera Lachisanu n'kubwerera Lolemba m'bandakucha. Amene ntchito yake ndi ya pa intaneti, ku ofesi n'kumangoonekerako kamodzi pa mlungu, ndiye zake zayera.

Koma tisiyanitse. Pali Salima wa paboma ndi pa Kamuzu Road, ndiye pali Senga Bay, makilomita ena 20 chakum'mawa. Anthu akamati ku Salima n'kwa ndalama amanena Senga Bay: Sunbird Livingstonia, maloji ondandana m'mphepete mwa mchenga, makoteji a makampani ndi a mabwana a ku Lilongwe. Salima weniweniyo ndi tauni ya pachidikha, yafumbi, ya anthu osakwana 40,000 malinga ndi kalembera wa 2018, kumene njinga za kabaza zimachuluka kuposa china chilichonse choyenda. Mabanki, chipatala cha boma, msika waukulu ndi masukulu ambiri zili kumeneko. Ndiye banja la ana aang'ono liyenera kusankha chimodzi: kukhala kunyanja kumene kuli kamphepo, n'kumalipira thiransipoti ya makilomita 40 kupita ndi kubwera pa chilichonse, kapena kukhala m'tauni mmene zonse zili pakhomo koma mphepo ya kunyanja imafika itatha mphamvu.

Chimene ndimaikondera Salima n'chakuti ndalama yake ili ndi miyendo ingapo. Kuli asilikali, ku koleji ya MAFCO ndi ku Senga Bay, olandira mwezi ndi mwezi kaya kwagwa chilala. Kuli fakitale ya Salima Sugar, kuli Malawi Mangoes, kuli mpunga wa ku Lifuwu, kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 amene anayamba kugwira ntchito mu 2021. Mayi wodziwa kuphika makeke, kusoka mayunifolomu kapena kuweta nkhuku zoyera amapeza makasitomala osadikira nyengo ya Khirisimasi yokha. Mwendo wina waukulu ndi misonkhano ya mabungwe ndi nthambi za boma imene imadzaza mahotela mkati mwa mlungu. Umenewo ndi mwendo wotsimphina: boma likangolengeza zomanga lamba n'kuletsa misonkhano ya kunyanja, wa kabaza, wogulitsa nsomba ndi wochapa nsalu za kuhotela onse amamva tsiku lomwelo.

Ife tinasankha Salima, ndipo cholakwa chathu choyamba ndikuuzani kuti musachibwereze. Nyumba tinakaiona mu Meyi. Malata atsopano, penti yonyezimira, simenti yosalala, alandilodi akusisita manja: "Achimwene, nyumba iyi njozizira bwino, muona nokha." Sitinayang'ane kumwamba kuti tione kuti mulibe siling'i. Sitinazindikire kuti chipinda cha ana chayang'ana kolowera dzuwa, ndiponso kuti pabwalo ponse palibe mtengo ndi umodzi womwe. Okutobala atafika, nyumba ija inasanduka uvuni. Makoma ankatulutsa moto mpaka pakati pa usiku, madzi a mumtsuko akufunda ngati osamba. Usiku wina magetsi anazima, fani inaima, khanda la miyezi 8 likungolira, m'khosi monse muli tiziphuphu ta thukuta. Tinatulutsa mphasa pakhonde n'kumangirira neti ku zitsulo za pawindo. Tili mkati momanga, tinamva kuseka kuseri kwa mpanda. Aneba athu, banja lonse, anali atagona kale panja chigonere cha milungu iwiri. Mayi wa kumeneko anangoti, "Takulandirani ku Salima, anzathu."

Nyumba ya kunyanja muzikaiona 2 koloko masana, mu Okutobala kapena Novembala. Imani m'chipinda chogona mphindi khumi chitseko chotseka. Onani ngati muli siling'i, ngati mawindo ayang'anizana kuti mphepo izidutsa, ngati pali mtengo wa mango wophimba denga chakumadzulo. Nyumba yakale yosaoneka bwino yokhala pansi pa mitengo iposa yatsopano yonyezimira ya pamtetete.

Mangochi

Ngati pali malo kunyanja amene mawu oti "kwa anthu olemera" akuwayenera, ndi mzere wochokera paboma la Mangochi kulowera ku Monkey Bay, makilomita oposa 60. Nkopola, Makokola, Sun 'n' Sand, ndi makoteji osawerengeka amene eni ake amawagona masiku khumi pachaka. Mukadutsa pa galimoto mumangoti anthu akudya bwino kuno. Koma chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere: kuseri kwa mpanda uliwonse woyera kuli mudzi wa asodzi, ndipo inu mukasamukira kumeneko mukakhala kuseriko, osati mkati mwa mpanda. Ndalama ya m'makoteji imabwera ndi eni ake Lachisanu, imadya zakudya zimene anagula ku Blantyre, n'kubwerera nawo Lamulungu. Imene imatsalira ndi ya mlonda ndi wosesa pabwalo.

Paboma penipeni pali moyo wina. Tauniyi inayamba mu 1891 ndi dzina loti Fort Johnston, pamtsinje wa Shire, pakati pa nyanja ya Malawi ndi ya Malombe, ndipo nsanja yakale ya wotchi idakaimabe pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Anthu ake apitirira 50,000. Ndalama yoyendayenda m'tauni muno imachokera kwambiri ku nsomba ndi ku Joni. Ya nsomba ikuchepa: chambo cha mu Malombe chinachepa kwambiri kalekale, ndipo ngakhale kunyanja yaikulu anthu tsopano akudalira usipa ndi utaka. Ya ku Joni ndiyo ikumanga Mangochi. Anyamata ogwira ntchito ku South Africa amatumiza ndalama za njerwa, simenti, malata, njinga zamoto. Wochita bizinesi ya zipangizo zomangira, wowotcherera zitseko ndi mawindo, wokonza mafoni, wa magetsi a m'nyumba, ameneyo ku Mangochi sagona ndi njala. Ingodziwani kuti ku Johannesburg kukavuta, kapena randi ikagwa, m'sitolo mwanu mumveka.

Amene malipiro ake ali ku Blantyre aganize kawiri. Makilomita pafupifupi 190 kudzera ku Liwonde ndi ku Zomba si ulendo wa mlungu ndi mlungu kwa munthu wogula yekha mafuta, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Banja limasanduka la pa foni, ana n'kumaona bambo pa mapeto a mwezi ngati mlendo wobwera ndi jumbo. Chipatala chachikulu chapafupi ndi cha ku Zomba, makilomita oposa 120. Chipatala cha paboma chilipo, ndipo kutsidya la kum'mawa, ku Malindi, kuli cha mishoni cha St Martin's.

Palinso nkhani ya kukhala ndi anthu, imene ena amaipeputsa. Mangochi ndi kwa Ayao, ndipo ambiri ndi Asilamu. M'bandakucha mudzadzuka ndi kuitanira mapemphero kwa kumzikiti, Lachisanu masana masitolo ena atseka, m'mwezi wa Ramadani malonda a zakudya asintha nthawi. Amene geni yake ndi ya nkhumba asavutike n'kunyamula khola. Ana anu adzabwera kunyumba akuyankhula Chiyao chotola kosewera, ndipo ine chimenecho ndimachiwerengera phindu. Chimene mungachiyang'anitsitse ndi sukulu. M'midzi ya m'mphepete mwa nyanja mnyamata amaona mnzake wa msinkhu wake akubwera ndi ndalama kuchokera kokoka makoka, mkulu wake akubwera ndi galimoto kuchokera ku Joni, ndiye buku limalemera. Masukulu abwino aliko, St Michael's ya atsikana ku Malindi njodziwika, koma mwana wa zaka zinayi safuna sekondale. Afuna sukulu ya mkaka ndi pulayimale yoyenda wapansi. Kalowemoni m'kalasi nthawi ya maphunziro, muwerenge mitu ya ana, musangokhutira ndi chikwangwani cha pamsewu.

Amene mtima uli kum'mwera koma sangatalikire Zomba kapena Blantyre aione Liwonde. Ilibe mchenga wosewerapo ana, ndipo kutentha kwake sikunyengerera, koma ili makilomita 50 okha kuchokera ku Zomba, chipatala cha boma la Machinga chili pomwepo, ndipo njanji ya ku Nayuchi ndi misewu yopita ku Mangochi, ku Balaka ndi ku Ntaja zimakumana chapomwepo. Ndi tauni ya malonda, si ya tchuthi.

Nkhata Bay

Kunena za kukongola, apa palibe mpikisano. Kubiriwira chaka chonse, madzi oyera oona pansi, mapiri otsikira m'nyanja. Kutentha kwake n'kwaulemu poyerekeza ndi Mangochi kapena Karonga. Chachikulu koposa kwa banja la ana aang'ono: Mzuzu ili makilomita pafupifupi 50 okha, pa msewu wabwino. Mwa matauni onse a m'mphepete mwa nyanja ndikutchula pano, uno ndiwo uli pafupi kwambiri ndi chipatala chachikulu, ndipo munthu wogwira ntchito ku Mzuzu angathe kupita m'mawa n'kubwera madzulo ngati thumba lilola. Amene anakhalapo ku Mzuzu mu Juni, nkhungu itakuta tauni mpaka 10 koloko, akudziwa kuti ola limodzi lotsika phiri limasintha dziko.

Zovuta zake n'zitatu, ndipo palibe chaching'ono. Tauniyi njaing'ono, anthu osakwana 15,000, ndiye geni iliyonse imakhuta msanga. Mukatsegula saluni mupeza kuti makasitomala onse ali kale ndi kwawo. Ndalama yake ndi ya alendo a zikwama kumsana, ya minda ya labala ya Vizara, ya tiyi wa ku Kawalazi, ndi ya padoko sitima ya Ilala ikaima kapena maboti a ku Likoma akafika. Yokwanira kudyetsa amene alipo, yosakwanira kuitana ena ambiri. Chachiwiri ndi malo: nyumba zambiri zili pamtsetse, masitepe okhaokha, ndipo m'malo ambiri nyanja imayamba kuya pafupi ndi gombe pomwe. Mwana wongoyamba kuyenda amafuna diso tsiku lonse. Chachitatu ndi mvula. Boma limeneli ndi limodzi mwa olandira mvula yambiri m'dziko muno, ndipo imapitirira mpaka anzathu kwina atayamba kukolola. Nsapato zimachita chuku pansi pa bedi. Ngati mukuthawa chisanu chifukwa cha mwana wa mphumu, chinyezi chimenechi chingakubwezereni pomwe munachoka.

Chintheche, makilomita pafupifupi 40 chakum'mwera, ndi kwa mchenga woyera ndi malo afulati, koma kumeneko ndiye mwatalikira zonse. Kulikonse mungakhale m'boma limeneli, phunzirani kulonjera m'Chitonga ndipo kondowole musamuyang'ane ndi diso la kumbali. Ana amamuzolowera msanga kuposa makolo.

Kwa nzimbe: Dwangwa, ndi mnzake Nchalo

Ku Dwangwa ndalama ili ndi mwini mmodzi: nzimbe. Fakitale ya Illovo, ya mafuta a ethanol pambali pake, ndi alimi ogulitsa nzimbe kufakitale. Tsiku la malipiro pamsika sipapondeka. Funso ndi limodzi lokha: mukalowa mkati mwa esiteti kapena mukakhala kunja? Wolembedwa ntchito yokhala ndi nyumba ya kampani, madzi, magetsi ndi kiliniki, ana ake amakula mwa mtendere umene m'tauni yaikulu ngwosowa. Wopita yekha kukasaka mwayi amakakhala pa tiledingi senta yothithikana, yotentha, lendi yake yokwera chifukwa aliyense akufuna pomwepo.

Ngalande zothirira nzimbe siziuma, ndiye udzudzu ulibe tchuthi. M'nyengo yodula, minda imayamba yatenthedwa, ndipo phulusa lakuda limagwa ngati mvula pa zovala zoyanika ndi m'mbale za ana. Kwa mwana wa chifuwa, ichi chokha chinatichotsa Dwangwa pamndandanda. Onjezanipo msewu wa M5, umene madzi osefukira a mu Febuluwale 2024 anaudula mtsinje wa Dwangwa utakwiya, ndi kutalika kwa Lilongwe ndi Mzuzu komwe, konse ulendo wa maola angapo. Paboma la Nkhotakota, chakum'mwera, pali chipatala cha boma ndi cha mishoni cha St Anne's, ndipo moyo wake ngwofatsa, wa mpunga ndi nsomba, koma kunena kuti n'kwa ndalama kungakhale kunama.

Nchalo ndi chimodzimodzi Dwangwa, kungoti ili ku Chigwa cha Shire kumene madigiri 40 si nkhani yodabwitsa. Amene anaona zimene namondwe Ana anachita mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 sangatengere khanda kumeneko pongofuna kufunda. Kumapita ntchito ikakuitanani.

Karonga

Anthu a kum'mwera ndi pakati saiganizira, koma mwa matauni onsewa Karonga ndiyo yaikulu, anthu oposa 60,000, ndipo ndalama yake njooneka ndi maso. Chipata cha Songwe chili makilomita osakwana 50, katundu wa ku Tanzania amayamba kutsikira pano, mpunga wa Kilombero umagulidwa usanaume n'komwe, ndipo kuli migodi ya malasha. Kuli Kayelekera, mgodi wa uranium umene unatsegulidwa mu 2009, n'kuima mu 2014 mitengo itagwa pamsika wa dziko lonse, n'kudzayambanso mu 2025. Anthu a pa Karonga anaona ndi maso awo mmene ndalama ya mgodi imafikira ndi mmene imachokera osatsazika. Pa nkhani ya sukulu, makolo a kumeneko sachita nayo masewera, ndipo dzina la Chaminade likudziwika dziko lonse.

Koma Karonga ndi kutali, ndipo kutalika kumeneku kumaluma pamene simukuyembekezera. Mzuzu ili makilomita oposa 200, kudzera zikhotakhota za pa Chiweta. Lilongwe ili pafupifupi 600. Kumudzi ku Ntcheu kukagwa maliro, mumafika anthu atabalalika kale kumanda. Mayi akachira, apongozi oti adzathandize kusambitsa khanda amayenda tsiku lathunthu. Banja laling'ono limadalira agogo ndi azakhali kuposa mmene limavomerera. Kutentha kwake n'kwa mtundu wa Mangochi kapena kuposa, mtsinje wa North Rukuru umasefukira kawirikawiri, ndipo zivomezi za mu Disembala 2009 zinagwetsa nyumba zambiri. Nkhani ya zivomezi si ya Karonga yokha, poti nyanja yonseyi ili m'chigwa chong'ambika, ndipo akuluakulu a ku Salima amakumbukirabe cha mu Malichi 1989. Mukaona ming'alu ikuluikulu pakhoma la nyumba ya lendi, musalole kuti angoimata ndi penti. Wa kwawo kumpoto, kapena wa bizinesi yodalira malire, Karonga imuyanja. Ena tonsefe, ayi.

Walira mvula walira matope

Kumene inu mukumva kufunda, udzudzu nawo ukumva kukoma. Ichi n'chimene chimandichititsa kuti ndisamangouza aliyense kuti bwerani. Mwana wobadwira ku Dedza kapena ku Area 47, amene malungo anangowadwalapo kamodzi kapena sanawadwalepo, akafika kunyanja amakhala ngati munda wosapalira. Chaka chathu choyamba tinapita kukayezetsa magazi kangapo konse, ndipo ulendo wina unathera pa dilipi. Neti si ya alendo, ndi ya usiku uliwonse, ngakhale usiku wa chitungu umene mumalakalaka kuitaya kutali. Mawindo aikeni sefa musanalowetse katundu. Mwana akatentha thupi, kukayezetsa ndi tsiku lomwelo, osati kuyamba mwamupatsa panado n'kumaona mmene kuchere, ndipo akapatsidwa LA amalize yense ngakhale ayambe kusewera tsiku lachiwiri. Mayi woyembekezera asaphonye Fansidar wa kusikelo. Dziko lathu ndilo linali loyamba padziko lonse kupereka katemera wa malungo kwa ana kudzera kusikelo, mu Epulo 2019, kuyambira m'maboma 11 kuphatikizapo Mangochi, Nkhata Bay ndi Karonga. Mukafika kumalo atsopano, funsani za katemerayu tsiku loyamba lopita ndi buku la mwana. Amachepetsa ngozi, koma salowa m'malo mwa neti.

Likodzo ndi mnzake wa malungo, wobwera mwakachetechete. Tizilombo take timakhala mu nkhono za m'madzi odekha, m'mabango ndi m'madambo, ndipo mbali ya kum'mwera kwa nyanja, ku Cape Maclear ndi madera ozungulira, njodziwika nalo. Kuletsa mwana wokhala kunyanja kusambira ndi kudzinamiza. Chanzeru n'kumusankhira posambira, pamchenga poyera pamene mafunde amamenya, kumuyang'anira mkodzo, ndi kuonetsetsa kuti mankhwala a praziquantel akamaperekedwa kusukulu iye asathawe. Madzi akumwa nawo musawatenge mwachizolowezi cha m'tauni. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene unapha anthu oposa 1,700, unavuta kwambiri m'maboma a m'mphepete mwa nyanja. Pofuna nyumba funsani ngati mpopi umatuluka madzi tsiku lililonse, ndipo ukauma anthu amatunga kuti. Mu Shire ndi m'mathiriro a mitsinje muli ng'ona ndi mvuu. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umautsa mafunde oti ngakhale asodzi amakoka mabwato kumtunda.

Nanga chifuwa cha mwana wathu uja? Juni ndi Julaye tsopano timagona tulo, zimenezo n'zoona. Koma fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala limamuyambitsanso, ndipo dokotala wina anatifunsa funso limene linatichititsa manyazi: "Kodi kumtunda kuja, kukazizira, mbaula mumaiika kuti?" Tinkailowetsa m'nyumba, mawindo otseka. Mwina theka la vuto lathu silinali chisanu ayi. Musanagulitse katundu ndi kusamutsa banja chifukwa cha chifuwa cha mwana, yambani mwakambirana ndi achipatala.

Poloti

Aliyense wosamukira kunyanja, pakatha miyezi itatu, amayamba kulota kanyumba kake koyang'ana madzi, ndipo ogulitsa malo amanunkhiza loto limenelo patali. Ine ndinatsala pang'ono kulipira. Mnyamata wina wolankhula bwino, wodzitcha mdzukulu wa amfumu, anandionetsa malo okongola, mchenga uli apo, mitengo ya migwalangwa ili apo, mtengo wake wosaboola m'thumba. Ndikuyeza ndi mapazi, mkulu wina amene ankasoka ukonde pansi pa mtengo anandikodola. Anandilozera chitsa china kumtunda, kumbuyo kwenikweni kwa malo ndinkafuna kugulawo. "Mwana wanga, cha m'ma 1980 bwato ndinkamangirira apo. Nyanja ikachoka imasiya mawu kuti ndibweranso." Ndinabweza ndalama m'thumba, theka chifukwa cha mawu awo, theka chifukwa mnyamata uja ankakana kuti tikaonane ndi amfumuwo maso ndi maso. Mu 2024 nyanja inakwera, madzi analowa m'maloji ndi m'nyumba za anthu ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota, ndipo pamalo paja panali poyandama mabwato.

Malo ambiri a m'mphepete mwa nyanja ali m'manja mwa mafumu ndi mabanja, ndipo kuyambira pa malamulo a malo a 2016 njira yowalembetsera inasintha. Kapepala kolembedwa pamanja kokhala ndi chidindo cha anyakwawa sikakutetezani tsiku limene abale ena a wogulitsayo adzatulukire kuchokera ku Joni. Pitani ku ofesi ya malo kwa DC, funsani ngati malowo ali ndi lizi kale, kumanani ndi banja lonse osati munthu mmodzi, ndipo kaoneni malowo mu Epulo kapena Meyi, nyanja itafika pachimake, osati mu Novembala itaphwa.

N'chifukwa chake ndimati chaka choyamba chikhale cha lendi, ndipo ngati n'kotheka ntchito kapena nyumba ya kumene mukuchoka musaitaye msanga. Samukani pa tchuthi chachikulu, cha mu Ogasiti, kuti ana akayambe chaka cha sukulu mu Seputembala pamodzi ndi anzawo. Mukatero ng'amba ya Okutobala ikupezani mutangofika, mvula ndi udzudzu wake zitsatire, ndipo pofika Juni mudzakhala mutaona nkhope zonse za malowo.

Ife tsopano tili m'nyumba yachiwiri, yakale, ya siling'i yothimbirira ndi mitengo iwiri ya mango imene mileme imasonkhanamo usiku. Lendi yake yaposa ya yoyamba ija, ndipo kusukulu ya mkaka ndi mphindi zisanu pa kabaza. Mwezi watha tinapita kukaona agogo ku Dedza. Titangokwera Khwekhwelere, wamkulu uja, amene anabadwira konko, anayamba kunjenjemera n'kufunsa kuti tibwerera liti kwathu. Poloti sitinagulebe. Pali ena amene atisonyeza chakumtunda kwa msewu wa ku Senga Bay, ndipo tagwirizana ndi eni ake kuti tikawaonenso mvula ikatha.